Sikirini yada, koma musathamangire kufomata

Malaputopu amene ambiri a ife timagwiritsa ntchito kuno ku Mulanje ndi akaunjika. Ena anabwera m'chikwama cha achimwene kuchokera ku Joni, ena tinakagula ku Limbe atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi a kunja. Windows 11 imawakana makina oterewa chifukwa imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Choncho amene sakufuna kutaya makina ake akumayesa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene ili ndi mitundu ingapo: wina Ubuntu, wina Mint, wolimba mtima Debian. Ine ntchito yanga ndi ya choko, si ya makompyuta. Koma ndinayamba kalekale kuseweretsa Linux, ndipo poti ndimakhala kufupi ndi Chitakale, pamene aliyense amadutsa popita kumsika, ndasanduka munthu amene amamubweretsera laputopu ikada kumaso.

Dandaulo lake silisintha. Dzulo zonse zinali bwino, kapena waika kumene Linux ndipo aka n'koyamba kuyatsa. Chizindikiro cha kampani chaoneka, cha Ubuntu kapena Mint chaoneka, kenako mdima. Nthawi zina pakona ya kumanzere kumtunda pamakhala kamzere koyera kakuphethiraphethira. Nthawi zina kamuvi ka mausi kamayenda ndithu, koma kakuyenda mumdima wopanda kanthu. Mwini wake akafunsa anzake, yankho limabwera msangamsanga: “Ingofomatani, muikenso.”

Malangizo amenewo ine amandinyansa. Kufomata kumapita ndi zithunzi za chinkhoswe, ma CV, mayeso amene mphunzitsi wakhala akulemba teremu yonse. Kumadya bandulo, chifukwa mapulogalamu onse uyenera kuwakokanso pa intaneti. Ndipo choipitsitsa n'chakuti ngati chimene chinadetsa sikirini ndi kusagwirizana kwa Linux ndi kadi ya zithunzi, kachipangizo ka m'kompyuta kotumiza zithunzi ku sikirini, ukamaliza kuikanso mdima womwe uja umakudikira pomwe unausiya.

Amene anakulira pa Windows amaganiza kuti kompyuta ndi zimene amaziona: zithunzi, mawindo, kamuvi. Zikasowa, ndiye kuti basi yafa. Pa Linux si choncho. Pansi penipeni pali kernel, imene imalankhula ndi disiki, kiyibodi ndi zipangizo zina. Pamwamba pake pali pulogalamu imene ntchito yake ndi kujambula pa sikirini. Yakale ndi X, imene inayambira ku yunivesite ya MIT ku America mu 1984, ndipo mtundu wake umene ukugwirabe ntchito, X11, ndi wa mu 1987. Yatsopano ndi Wayland. Kenako pali kapulogalamu kofunsa dzina ndi pasiwedi, kamene pa Ubuntu ndi GDM, pa Mint ndi LightDM. Pamwamba penipeni m'pamene pali desikitopu, kaya ndi GNOME, Cinnamon kapena Xfce. Chimodzi mwa zam'mwambazi chikhoza kugwa zapansi zili chilili. Zili ngati tsiku la chiperoni: phiri lonse la Mulanje limasowa, mlendo n'kumakana kuti pali phiri, pamene Likhubula akuyendabe kuchokera komweko. Ntchito yathu ndi kupeza kuti chagwa ndi chiti, ndipo kompyuta yomweyo ndi imene imatiuza.

Musanalembe lamulo lililonse, kutanthauza mawu ouza kompyuta chochita, dinani batani la Caps Lock n'kuyang'ana kanyali kake. Kakamayaka ndi kuzima motsatira chala chanu, makina ali moyo ndipo akukumvani. Kakamaphethira kokha osakakhudza, nthawi zambiri ndiye kuti kernel yagwa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Kenako tengani foni, yatsani tochi, muunikire sikirini chapambali muli pafupi. Mukaona zithunzi kapena malemba mwachizimezime, ndiye kuti yafa kapena yazimitsidwa ndi nyali ya kumbuyo kwa sikirini. Yesani mabatani owonjezera kuwala. Zikakanika, ndipo nacho chizindikiro cha kampani sichikuwala poyatsa, ameneyo ndi wa kwa okonza, ndipo ngakhale mutafomata kangati sangawale.

Pali chinanso chimene chimagwira aphunzitsi ndi a kumpingo. Mlaliki wina wa ku Luchenza anabwera ndi laputopu imene Lamulungu anaonetsera nyimbo pa pulojekita. Atafika kunyumba, kuyatsa, kunangobwera chithunzi chakumbuyo chopanda kanthu kalikonse, ndiye mdima. Makinawo anali akukankhirabe zonse ku pulojekita imene inatsala kutchalitchi. Tinadina Fn pamodzi ndi batani lokhala ndi kachithunzi ka masikirini awiri, zonse zinabwerera. Pa GNOME ndi desikitopu zina, batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi P limachitanso zomwezo. Abusawo anali atakonza kale ndalama ya minibasi yopitira ku Limbe.

Zimenezi zikapanda kuthandiza, dinani Ctrl, Alt ndi F3 nthawi imodzi. Pa malaputopu ena muyenera kuwonjezera Fn. Ngati zapansi zili bwino, mdima uja uchoka ndipo pabwera malemba oyera okuuzani dzina la Linux yanu ndi mawu akuti login. Linux imakhala ndi zipata zingapo zotere, ndipo desikitopu imangokhala pa chimodzi mwa izo, kawirikawiri cha F1, F2 kapena F7. Lembani dzina lanu lolowera, dinani Enter, lembani pasiwedi. Polemba pasiwedi sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi, ndipo apa m'pamene ambiri amagonjera.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kale, pano ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ndinkamutsogolera pa foni. Anafika pamenepa n'kunena kuti, “Aphunzitsi, nayo kiyibodi yafa, sikulemba.”

“Ikulemba, mwanawe. Ingomaliza udine Enter.”

“Koma sindikuona kanthu.”

“Ndi dala. Akubisa kuti amene wakuyimira kumbuyo asadziwe kutalika kwa pasiwedi yako.”

Atalowa ndinamuuza alembe ls, lamulo loonetsa mayina a mafayilo ndi mafoda. Anaona Documents, Downloads, Pictures, ndipo mawu ake pa foni anasinthiratu. Kwa munthu wongoyamba, mphindi imeneyi ndi yofunika kuposa kukonza kwenikweniko, chifukwa akaona kuti mafayilo ake alipo amasiya kuchita zinthu mwaphuma.

Lamulo loyamba limene ine ndimalemba si la akatswiri ayi. Ndi df -h, limene limaonetsa kuti disiki yadzadza bwanji. Yang'anani mzere umene kumapeto kwake kuli kamzere kopendekeka kokha, /, ndipo ngati muli ndi /home payokha muonenso umenewo. Mukapeza 100%, mwagwira wakuba. Desikitopu ikamayamba imafuna kulemba timafayilo ting'onoting'ono, ndipo ikasowa polemba imagwa mwakachetechete, kapena imakubwezerani pofunsa pasiwedi mobwerezabwereza. Kwa kalaliki uja vuto linali lomweli. Disiki yake inali yaing'ono, ndipo mng'ono wake anali atathiramo mavidiyo a kwaya ndi mafilimu amene anakopera pa shopu. Tinalemba sudo apt clean (mawu akuti sudo amapatsa lamulo mphamvu za root, woyang'anira makina onse), limene limafufuta mapaketi, mitolo imene mapulogalamu amabweramo, amene anakokedwa kale n'kuikidwa koma akungodya malo. Tinalembanso sudo journalctl --vacuum-size=100M kuti tichepetse zolemba zakale za makina. Malo ochepa amene anapezekawo anakwanira kuti desikitopu idzuke, ndipo mafilimu anakawasankha yekha ndi mausi, akuona chimene akufufuta. Sindilimbikitsa wongoyamba kufufuta mafayilo ndi lamulo la rm ali ndi mantha, chifukwa limeneli silifunsa kawiri ndipo silikhala ndi bini yokatolamo.

Chachiwiri ndi cha kwathu kuno kwenikweni. Mabatire a malaputopu akaunjika ambiri anatha kalekale, moti makina amadalira chaja. Magetsi akathima kompyuta ili mkati mwa update, mapaketi ena amatsala theka: chakale chachotsedwa, chatsopano sichinakhazikike. Zikakhala kuti theka limenelo ndi la kernel, la dalaivala wa zithunzi (kapulogalamu koyendetsa kadi ya zithunzi) kapena la desikitopu, mawa lake ndi mdima. Mankhwala ake ndi malamulo awiri. Loyamba ndi sudo dpkg --configure -a, limene limamalizitsa zimene zinasiyidwa panjira. Lachiwiri ndi sudo apt -f install, limene limakoka zosowa. Lachiwirili limafuna intaneti, ndipo anthu amafunsa kuti alumikiza bwanji popanda mausi. Njira yapafupi ndi kulumikiza foni ndi chingwe cha chaja n'kuyatsa USB tethering pa foniyo. Ubuntu ndi Mint zimaizindikira zokha. Ngati mukufuna wayifayi, lamulo la nmtui limatsegula kamndandanda koyendamo ndi mabatani a mivi. Ine masiku ano update ndimapanga laputopu ili ndi batire lodalirika kapena ili pa sola, ndipo nyengo ya mvula, mabingu akayamba kumveka cha kuphiri, ndimaisiya kaye.

Disiki ikakhala ndi malo, mapaketi ali bwino, ndiye nthawi yowerenga zimene makina analemba. Linux imalemba pafupifupi chilichonse chimene chachitika poyaka. Lamulo la journalctl -b -p err limakuonetsani zolakwika zokhazokha kuyambira pamene munayatsa. Musachite mantha ndi kuchuluka kwa mizere yofiira. Kompyuta yabwinobwino nayo imadandaula za Bluetooth, za ACPI ndi zina zosakhudza sikirini. Funani mizere yotchula gdm, lightdm, gnome-shell, Xorg, nvidia, nouveau, amdgpu kapena i915. Mukhozanso kufunsa mwachindunji ndi systemctl status lightdm, kapena gdm ngati muli pa Ubuntu. Likayankha kuti failed, mizere ya m'munsi mwake imanena chifukwa. Nthawi zina sudo systemctl restart lightdm lokha limadzutsa zonse, koma zikatero musasangalale msanga, chifukwa chimene chinaigwetsa chikadalipo.

Ngati makina anu akugwiritsa X, imene pa Linux imatchedwanso Xorg, iyo ili ndi kaundula wakewake, amene amapezeka pa /var/log/Xorg.0.log kapena m'foda yanu pa .local/share/xorg/Xorg.0.log. Fayilo imeneyi ndi yaitali, koma olemba ake anatiganizira: mzere wa cholakwika chenicheni umakhala ndi EE, wa chenjezo chabe umakhala ndi WW. Lembani grep EE /var/log/Xorg.0.log. Mzere wina wa kumayambiriro umene utuluke ndi wongofotokoza tanthauzo la zizindikirozo, musaudandaule. Mukaona mawu akuti no screens found, sakunena kuti galasi la laputopu lasowa. Akunena kuti X sinapeze dalaivala woti ilankhule naye kadi ya zithunzi.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yaikulu. Lamulo la lspci -k limatchula zipangizo zonse za m'kompyuta. Funani mzere wokhala ndi VGA kapena 3D, ndipo pansi pake pali mzere wonena dalaivala amene akugwira ntchito. Makadi a Intel ndi AMD savuta kawirikawiri, chifukwa madalaivala ake amabwera m'kati mwa kernel. Amene amatipweteka mutu ndi a NVIDIA, amene ali ndi madalaivala awiri: nouveau, wolembedwa ndi anthu odzipereka, ndi wa kampani yeniyeniyo. Pa makadi ena nouveau amatsamwa. Pa makadi akale kwambiri, dalaivala wa kampani salinso kukonzedwa kuti agwirizane ndi kernel yatsopano, choncho update imodzi ikhoza kumusiya pambuyo.

Poyesa ngati vuto ndi limeneli pali mawu amodzi amene wongoyamba aliyense ayenera kuwadziwa: nomodeset. Yatsani kompyuta, ndipo chizindikiro cha kampani chikangochoka gwirani Shift, kapena dinani Esc ngati makina ndi atsopanoko, a UEFI, mpaka uoneke mndandanda wa GRUB, kapulogalamu koyatsa Linux. Dinani e. Pezani mzere woyamba ndi mawu akuti linux, pitani pamene palembedwa quiet splash, wonjezerani nomodeset patsogolo pake, kenako dinani F10. Mwauza kernel kuti isakhudze makonzedwe a kadi ya zithunzi, ingogwiritsa njira yosavuta imene makina anayakira. Desikitopu ikabwera, ngakhale zithunzi zili zikuluzikulu zosaoneka bwino, mwatsimikiza kuti wolakwa ndi dalaivala. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha. Mukazimitsa kumafufutika, choncho palibe chimene mungawononge. Muli pomwepo mukhoza kufufutanso quiet splash, ndipo m'malo mwa chizindikiro chokongola muona malemba akuthamanga mpaka pamene makina akuima. Jambulani mzere womalizawo ndi foni. Amene mukamufunse thandizo adzakuthokozani, chifukwa “sikirini yada” samuuza kalikonse.

Ndimaona ena akulemba nomodeset mpaka kalekale mu /etc/default/grub n'kunena kuti akonza. Ine ndimati sanakonze. Makina amayaka inde, koma mavidiyo amadukaduka, purosesa imatentha ndi ntchito imene si yake, kuwala sikusinthika, ndipo pulojekita nthawi zambiri sigwira. Nomodeset ndi yongokulowetsani kuti mukakonze muli mkati. Pa Mint tsegulani Driver Manager, pa Ubuntu lembani sudo ubuntu-drivers install, kuti makina asankhe okha dalaivala woyenera. Ngati mdima unayamba mutangoika dalaivala wa NVIDIA, mchotseni ndi sudo apt purge 'nvidia-*' n'kuyatsanso, mubwerere kwa nouveau. Ndipo ngati munaona sikirini yabuluu yotchula MOK mutangoika dalaivala, inu n'kudumpha chifukwa inaoneka yoopsa, dziwani kuti imeneyo inali Secure Boot, chitetezo cha makina choletsa mapulogalamu osavomerezedwa, ikupempha chilolezo chanu. Popanda chilolezocho dalaivala amakhala m'disiki koma saloledwa kugwira ntchito. Mukhoza kumuikanso n'kuvomera ulendo uno, kapena kuzimitsa Secure Boot mu BIOS, makonzedwe a makina olowamo mukangoyatsa.

Pa mndandanda wa GRUB womwewo pali mzere wa Advanced options, umene umasunga kernel yakale. Ngati mdima unabwera pambuyo pa update, sankhani kernel ya nambala yocheperapo. Imeneyi ndi njira yosadya ngakhale kabandulo kamodzi. Kwa a Ubuntu 22.04 ndi 24.04 amene amafika bwinobwino pofunsa pasiwedi koma mdima n'kubwera atalowa, pakona ya kumanja kumunsi pali kagiya. Sankhani Ubuntu on Xorg m'malo mwa Wayland muone ngati zisinthe.

Pali gulu lina limene ndimalikonda, la anyamata ndi atsikana amene amaika Debian yopanda desikitopu n'cholinga chosunga bandulo kapena chophunzira, kenako n'kumamanga okha. Awa mdima wawo umabwera akalemba startx, lamulo loyambitsa X. Mwana wa mlongo wanga ku Thyolo anaika Xorg ndi Openbox, analemba startx, kunabwera sikirini yopanda kanthu ndi kamuvi kokha. Ananditumizira uthenga usiku: “Malume, zakanika.” Ndinamuuza adine batani la kumanja la mausi. Kunatuluka kamndandanda, terminal, windo lolembamo malamulo, ili momwemo. Palibe chinali chitakanika. Openbox ntchito yake ndi kugwira mawindo basi. Sibwera ndi chithunzi chakumbuyo, kapena kamzere ka m'munsi kokhala ndi wotchi. Zimenezo umaika wekha. Amene sakufuna zomangamangazi angolemba sudo apt install task-xfce-desktop, apeze desikitopu yathunthu yopepuka, yoyenera makina a RAM yochepa.

Ena a gulu lomweli startx imangophethira n'kuwabwezera ku malemba. Apa onani fayilo ya .xinitrc m'foda yanu, ngati munaipanga. X imakhala moyo malinga ngati pulogalamu yomaliza m'fayiloyo ikugwira ntchito. Ikatha, nayo X imatseka. Choncho mzere womaliza uyenera kukhala woyambitsa desikitopu, monga exec startxfce4, ndipo kumapeto kwake kusakhale chizindikiro cha &. Koma msampha waukulu ndi sudo. Munthu akaona kuti startx yakana amaganiza kuti yachepa mphamvu, n'kulemba sudo startx. Zikatero kafayilo kobisika kotchedwa .Xauthority kakhoza kusanduka ka root, ndipo kuyambira pamenepo mwini kompyuta sangathenso kulowa pa desikitopu yake: alemba pasiwedi, mdima pang'ono, wabwereranso pofunsa pasiwedi. Lembani ls -l .Xauthority muli m'foda yanu. Mukaona root root m'malo mwa dzina lanu, lembani sudo rm .Xauthority, mosamala kuti dzinalo mwalemba ndendende. Kafayiloko kamapangidwanso kokha mukamalowa. Ndipo startx musamaipatsenso sudo.

Mwina mukuti zonsezi n'zambiri kwa munthu amene angofuna kulemba kalata. N'zoona, ndipo sindinganame kuti Linux ilibe mlandu pamenepa: makina amene akudziwa kuti disiki yadzadza akanatha kungolemba zimenezo pa sikirini m'malo mongoda. Koma malamulo amene ndatchulawa amakwana pa tsamba limodzi la kope, ndipo angapo mwa iwo amangofunsa, sasintha kanthu. Ine ndimauza aliyense amene ndamuikira Linux kuti awalembe pa pepala n'kuliika m'chikwama cha laputopu, chifukwa tsiku la mdima foni nayo imakhala ilibe bandulo.

Nthawi yoikanso Linux imakhalapo. Ngati mwayesa malangizo osiyanasiyana a pa intaneti mpaka simukudziwanso chimene munasintha, kapena update inaduka pakati pokweza kuchoka pa Ubuntu wina kupita pa wina, kuikanso kukhoza kukhala kwachangu kuposa kusokerera. Koma yambani mwapulumutsa katundu. Fulashi imene munaikira Linux ija musaifufute kuti muikemo nyimbo. Yatsirani kompyuta pa fulashiyo, sankhani kuyesa osati kuika, ndipo ngati nayo ikuda, pa mndandanda wake pali safe graphics kwa Ubuntu kapena compatibility mode kwa Mint. Ikayaka, tsegulani disiki ya m'kati, pitani ku home, koperani foda yanu yonse pa fulashi ina kapena pa hadi disiki yakunja. Tsegulani mafayilo angapo kumeneko mutsimikize kuti akutseguka. Mukamaikanso, ngati disiki ikulola, patulani /home ikhale gawo lakelake, kuti ulendo wina mudzathe kusintha Linux osakhudza mafayilo anu. Ndipo ngati ngakhale fulashi ikulephera kuonetsa kanthu pa safe graphics, lumikizani TV kapena sikirini ina ndi chingwe cha HDMI kapena VGA. Kukaoneka zithunzi kumeneko, vuto ndi galasi la laputopu kapena kachingwe kake kodutsa pa hinji, ndipo pokapereka kwa okonza muwauze zimenezo ndi kuwaletsa kukhudza disiki.